Kuyanika Mawu a Munthu Padzuwa

Ananu mumandiseka kuti dzuwa likafika paliwombo ndimaleka kutafuna, ndimangoti duu ngati ndameza fupa. Mayi anu amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba m'mitu yonse ndalemba kale ija, koma lero cholembera chakana kudumpha. Za ubwana wanga musandifunse, mbuzi ndinaweta ngati wina aliyense, basi.

Ntchito yoyamba, nthawi ya chipani chimodzi

Ndinayambira m'kashopu kena ku Blantyre, ka bungwe la mpingo limene linkaika ndi kukonza mawayilesi olankhulirana m'zipatala za kumidzi. Masiku amenewo kunalibe mafoni mukugona nawo m'manjawa. Mayi akavutika pochira, namwino ankathamangira pa wayilesi kuitana ambulansi, ndipo wayilesiyo ikafa, munthunso ankafa. Bwana wanga woyamba anali a Kamwendo, a ku Ntcheu, munthu wamfupi wa zala zonenepa zoti sungakhulupirire kuti zingagwire kawaya kochepa ngati tsitsi. Pakamwa pawo panali poyabwa. Tsiku loyamba anatembenuza manja anga n'kunena kuti, "Faniwelo, manja akowa ndi a khasu. Tiyesa, koma ukandipsereza bolodi, basi ya mawa ukwera." Mabolodi ndinapsereza awiri, ndipo basi sindinakwere.

Ndi iwo anandiphunzitsa ntchito yandidyetsa moyo wonse. Pabolodi ya makina pamakhala katchipi kakuda ka miyendo yambirimbiri, ndipo m'katimo mumakhala pulogalamu, malangizo ouza makinawo chochita. Timatchipi tina tinali ndi kawindo ka galasi pamsana, komatidwa ndi kapepala. "Kapepala aka usadzakachotse mwachibwana," ankatero. "Kuwala kukalowa apa, zonse zili m'katimu zimafufutika." Tikafuna kufufuta dala, tinali ndi nyali yake yapadera, ya m'kabati kachitsulo, imene inkamaliza ntchito tiyi asanazizire. Katchipi kakayera, unkakaika m'kabokosi kolembera, n'kutsitsa kachitsulo kogwira miyendo, n'kudina batani, pulogalamu yatsopano n'kulowa. "Wongola miyendo. Kamphako kaloze kumtunda. Usakakhudze ndi thukuta. Ukamaliza, uuze kabokosi kawerengenso. Munthu wosawerenganso ndi mfiti."

Chaka changa chachiwiri tinapanga ripita, makina okhala paphiri, olandira mawu a wayilesi ina n'kuwaponyera kutali kumene pawokha sakanafika. Inali yokaika paphiri lina kumtunda kwa Dambe, kuti zipatala za ku Neno zizimvana ndi Mwanza, poti nthawi imeneyo Neno inali pansi pa Mwanza. A Kamwendo anafuna kuti makinawo azidzinenera okha tsiku lililonse masana kuti ali moyo. Anawonjezera katchipi kachiwiri, ka windo, koti musungidwe mawu. Wodina batani lojambulira ndinali ine. Iwo anakonza kukhosi, n'kutulutsa liwu la abusa pa maliro: "Kuno ndi kuphiri. Batire ili bwino. Amene muli ndi uthenga, lankhulani." Ine kudziletsa kunandikanika, ndinaphulika phwete chala chikadali pabatani, kuseka kwanga n'kulowa nawo kumapeto. Galimoto yodzatenga ripitayo inali ikuliza kale hutala panja. "Zisiye," anatero, "anthu adziwe kuti ndimagwira ntchito ndi chitsiru." Anamata kapepala n'kulembapo ndi dzanja lawo kuti OSACHOTSA.

Atakaika ripita ija anatsalira ku Dambe komweko kuyang'anira mawayilesi, n'kukwatira mayi wa pamudzipo, a Nankhoma. Patapita zaka ziwiri wina, sindidziwa ndani mpaka lero, analankhula zonyoza akuluakulu pa wayilesi. Poti liwu limene dera lonse linkalidziwa linali la a Kamwendo, anatenga iwo. Inabwera galimoto yopanda nambala masanasana, iwo ali pamakwerero kupukuta sola. Kushopu kwathu palibe anafunsa. Inenso sindinafunse, ndinena mosabisa, ndinali wamantha ngati galu wa pamsika. Ananditumiza ku Nsanje, kenako ku Mzimba, ndipo ndinkathokoza kuti ndi kutali.

Chilimwe, chitatha chisankho cha 1994

Zipani zitachuluka, a m'ndende ambiri anabwerera, ena opanda mano, ena osadziwa ana awo. A Kamwendo sanabwere. Panalibe kalata, panalibe manda. Ine anandibweza ku Blantyre, pansi pa bwana watsopano, a Mbewe, munthu wabwino koma wothina ngati nsapato yobwereka. Ufulu tinali nawo wokwana, zipangizo ndiye ayi. Mafyuzi tinkalumikiza ndi kawaya, mtovu wowotcherera tinkakanda pamabolodi akufa. Nyali yofufutira ija inali itapsa kalekale, ndipo timatchipi tatsopano tinkangotimva m'makalata.

Ndiye kunabwera lamulo loti mawayilesi onse asamukire pa njira zina zolankhulirana. Ripita iliyonse inafunika pulogalamu yatsopano mvula isanagwe. A Mbewe anandipatsa kabokosi kolembera, pulogalamuyo ili kale m'kati. "Mupita ku Dambe. Katchipi ka malangizo akale kalibe windo, sikafufutika. Mutenge ka mawu kaja, mukayanike padzuwa, kakayera mulembemo izi."

"Bwana, m'menemo muli liwu la a Kamwendo."

"Ndikudziwa, a Faniwelo," anatero akuyang'ana pawindo. "Koma liwu silinyamula wodwala. Mvula ikagwa msewu uja umafa, ndipo Dambe, Chifunga ndi Midzemba akhala ngati ali kunja kwa dziko. Kabokosika kamasunga chinthu chimodzi chokha. Mukayerekeza kukopera mawuwo m'menemu, pulogalamu ithawa, ndipo mudzabwerera kuno wapansi."

Ndinakwera njinga yamoto. Amene munafikako mukudziwa chitunda chimene chija, pena njinga imakunyamula, pena umainyamula ndiwe. Ndinafika pachipatala cha ku Dambe dzuwa likuyandikira paliwombo, fumbi mpaka m'makutu, namwino wa pamenepo, mayi wa ku Nkhotakota wolankhula mofulumira, n'kundilowetsa m'kachipinda ka wayilesi. Tikucheza, ndinaona kuti phokoso la panja likuchepa. Ogulitsa mbatata ya kachewere pansi pa mtengo analeka kuitanira. Pawindo panaima mayi wamtali, woonda, khasu paphewa, osatiyang'ana ife koma wayilesi. Kenako wayilesi inati tse, n'kutuluka liwu. "Kuno ndi kuphiri. Batire ili bwino. Amene muli ndi uthenga, lankhulani." Ananu, ine ndi amene ndinajambula mawuwo, ndinkadziwa waya uliwonse umene ankadutsamo, koma thupi lonse linachita tsemwe. Pambuyo pake kunamveka kuseka kuja, kwa mwana wa zaka makumi awiri wosadziwa kanthu. Mayi wa pawindo uja anadikira kuti kuthe, n'kuyankha motsitsa, "Tamva, bambo. Kuno tadzuka." Anatembenuka n'kumapita kumunda.

"Ndi akazi awo amenewo, a Nankhoma," anatero namwino. "Tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa. Maliro sanalire. Abale a mwamuna akukana kuwasudzula, akuti sitingamete tsitsi chifukwa cha munthu amene akulankhula masana alionse. Ndiye mayiwa si wapabanja, si wamasiye, angokhala pakati. Nanga kuseka kuja mwakumva? Kuno amati ndi amene anawagwira uja, akuti amaima kumbuyo kwawo n'kumaseka. Ana akakumva amathawa." Anandiyang'ana. "Inu a zamawayilesi, kodi n'chiyani chimenechi?" Ine ndinati mwina ndi mphepo m'mawaya. Bodza limenelo linatuluka mosavuta, ngati kale.

Madzulo ndinapita kwawo. Anandiyalira mkeka, tinapatsana moni, n'kuwafotokozera chimene ndadzera. Ndinayamba kuzungulira za timatchipi ndi magetsi, iwo n'kundidula. "Achimwene, sindine mwana. Ndikudziwa kuti ndi makina. Koma anthu aja anatenga ndi zithunzi zomwe. Malaya anadyedwa ndi njenjete. Chatsala n'chimenecho." Ndinati aphunzitsi a pasukulu ali ndi wayilesi ya kaseti, titha kujambula mawuwo kuti azisunga. Anapukusa mutu. "Wa pakaseti amalankhula ukamuuza. Awa amalankhula okha." Ndinangoyang'ana nkhuku zikulowa m'khola.

Masiku atatu ndinachita zaulesi zimene a Kamwendo akanandimenya nazo sipanala. Ndinkakwera kuphiri, kupukuta sola yoyera kale, kumanga mawaya omangika kale. Kanyumba ka ripita kanali kanjerwa, kopanda windo, ndipo anthu otola nkhuni ankakalambalala patali. Mumtima ndinkati munthuyu ndinamusiya kamodzi, ndiye ndimuphenso ndi manja anga? Koma ku Mwanza anali atasamukira kale pa njira zatsopano zija. Liwu lija linkaitana a uthenga, namwino n'kufuula mpaka kusasa mawu, osayankhidwa. Tsiku lachitatu anatsika ndi mtsikana pamachira, mwana wa mnansi wa a Nankhoma, mimba itamuvuta kuyambira dzulo lake. Amuna anayi anamunyamula ulendo wa ku Neno wapansi, dzuwa lili ng'aa. Anapulumuka, koma khanda ayi.

Mawa lake ndinawapeza a Nankhoma atakhala pakhomo pa kanyumba kaja, kuphiri, kumene akuti sanapondeko chitengedwere amuna awo. Anali ndi lichero ndi nsalu yoyera.

"Zimatenga masiku angati?"

"Sabata ziwiri, mwina zitatu. Dzuwa si nyali, limachedwa."

"Angathe kumalankhula ali padzuwapo?"

Mwa lamulo la ntchito, katchipi umakazula n'kukayanika pakokha, bolodi n'kutsekera. Kutulutsa bolodi yonse panja ili yoyaka, pafumbi, mitambo ikusonkhana, ndi misala yochotsetsa munthu ntchito. Ndinati angathe.

"Ndiye musawazule. Ine amuna anga sindinawadwazike. Ndiwadwazika pano."

Ndinalumikiza mawaya aatali, ndinatulutsa bolodi ndi kasipika kake n'kuiika palichero. Kapepala kaja kanali katachita chikasu, koma zilembo zinkawerengeka bwinobwino. Ndinakanda ndi chikhadabo pangodya katatu kasanamatuke. Pansi pake kawindo kanali mbee, kowala ngati diso la nsomba. A Nankhoma anatambasula dzanja, ndinawapatsa kapepalako, anakamanga pa mfundo ya chitenje.

Okutobala, chaka chomwecho

A Nankhoma ankafika dzuwa likutuluka. Ankatembenuza lichero kutsata dzuwa monga amachitira poyanika ufa, kuingitsa ntchentche, kuuzira fumbi, kamtambo kakadutsa n'kuyang'ana kumwamba mokwiya. Dzuwa likapendeka tinkalowetsa m'kanyumba, iwo n'kufunditsa nsalu ija. Anatumiza uthenga ku Ntcheu, ndipo akulu awo a a Kamwendo, a Yohane, anabwera. Anali nkhalamba yowuma mutu, ya jekete ngakhale kutenthe bwanji. Moni wanga sanayankhe. Anangoti, "Ndinu mwabwera kudzapha m'bale wanga?" n'kukakhala pamwala.

Masiku asanu ndi limodzi palibe chinasintha. Liwu linkatuluka lathunthu, a Yohane n'kumandiyang'ana monyodola. Tsiku lachisanu ndi chiwiri munalowa kaphokoso, ngati mtedza ukukazingidwa patali. Mawa lake mawu akuti batire anasanduka mpweya wokhawokha. Zimenezi ndikhoza kuzifotokoza mwa sukulu, kuti timagawo ta m'kati timafufutika mosiyana, tina msanga tina mochedwa. Koma ndikuuzeni, chimene tinkamva paphiri paja chinali munthu akutha mphamvu. Liwu linkadukaduka, kukoka mpweya, kuyesanso. Anthu anayamba kukwera okha, popanda wowaitana, amayi kukhala mbali iyi, abambo mbali iyo, mwakachetechete monga zimakhalira pakhomo pa wodwala kwambiri. Ngakhale agalu amene ankawatsatira ankagona osauwa.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi kunatsala mawu atatu okha pakati pa phokoso: "muli ndi uthenga." Kenaka kuseka kuja. Anthu anaweramitsa mitu. Apo a Yohane anadzuka, anavula chipewa, n'kuyandikira lichero. "Iwe, ndine Yohane. Amayi anatisiya chaka cha chilala chija, tinawaika pafupi ndi abambo. Munda wako wa kudambo ndikulima ndine. Mlongo wako anabereka mapasa." Atakhala pansi ananyamuka wina, kenako wina, aliyense ndi wake uthenga, wina za denga la tchalitchi, wina za wayilesi yake imene a Kamwendo anaisiya yosamaliza kukonza. Ine ndinali kumbuyo, ndikunamizira kuyang'ana mawaya. A Nankhoma anatembenuka. "Achimwene, inu mulibe uthenga?" Ndinagwada pafumbi paja, bambo wa ana atatu, n'kunena kuti, "A Kamwendo, ndine Faniwelo. Atakutengani sindinafunse." China sindinathe.

Tsiku lakhumi ndi chinayi phiri linadzaza. Mitambo inali itaunjikana chakumalire a dziko, mphepo itaima. Nthawi itakwana kasipika kanati tse, n'kutulutsa mpweya wautali wopanda liwu ngakhale limodzi. Tinadikira. Ndiye kumapeto, poyera ngati lajambulidwa dzulo, phwete lija. Mwa zonse zinali m'katchipi kaja, dzuwa linasiya chimenecho. Mayi wina anakuwa, ena anadzuka kuti athawe. A Yohane anakalipa, "Mwamva? M'bale wanga wapita, chigawenga chatsala chikuseka!"

Mantha amene ndinali nawo pamenepo sindinakhalepo nawo, ngakhale nthawi ya galimoto zopanda nambala. Koma ndinaimirira. "Si chigawenga. Ndine."

A Nankhoma anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza malovu kumaso. M'malo mwake anafunsa, "Chinakuseketsani n'chiyani?" Ndinafotokoza zonse, za kashopu, za kukonza kukhosi, za liwu la abusa, za hutala panja, mpaka mawu aja akuti anthu adziwe kuti ndimagwira ntchito ndi chitsiru. "Ndi iwowo," anatero. "Ngakhale poitanitsa madzi osamba ankatero, ngati akulalikira." Anaseka pang'ono, kamodzi kokha. "Zaka zonsezi ine ndimati ali ndi mdani kumbuyo. Kani anali ndi mnzawo." Kuseka kuja kunatembenuka m'kamwa momwemo, n'kukhala kulira kwa maliro, kokweza, koyamba chitengedwere amuna awo. Amayi onse analandira. A Yohane anaphimba nkhope ndi chipewa. Ine ndinalowetsa bolodi m'kanyumba, chifukwa madontho anali atayamba.

Katchipi ndinakazula, ndinakayanikanso masiku atatu pakokha kufikira kabokosi katavomera kuti mulibe kanthu. Ndinawongola miyendo, kamphako kumtunda, ndinatsitsa kachitsulo, ndinadina batani. Kanyali kanaphethira kwa kanthawi n'kuima. Ndinawerenganso, kawiri. Ndinakalowetsa pamalo pa ka malangizo akale, ndinayatsa, n'kuitana Mwanza. Anayankha nthawi yomweyo, mnyamata wina wotafuna chinachake, osadziwa kuti kuyankha kwakeko kwadya chiyani. Sabata yomweyo a Yohane anaitanitsa abale, anameta, anawasudzula alamu awo mwa mwambo wake. Pondiperekeza, nkhalamba ija inandigwira dzanja n'kungoti, "Muyende bwino, chitsiru cha m'bale wanga."

Chinthu chimodzi amene analemba pulogalamu yatsopano anaiwala. Masana alionse inkatsegulabe njira kuti liwu lilankhule, pomwe malo a katchipi ka mawu anali opanda kanthu. Ndiye dzuwa likafika paliwombo, mawayilesi onse a ku Dambe, Chifunga ndi Midzemba ankati tse, n'kukhala chete kwa kanthawi kokwana mawu aja, n'kutseka. A Mbewe anandilembera kawiri kuti ndikakonze. Ndinayankha kuti mafuta a njinga palibe, ndipo ulendo uno bodza langa sindichita nalo manyazi. Anamwino atsopano ankabwera, n'kuphunzira kwa anzawo kuti nthawi imeneyo salankhula, osadziwa chifukwa chake. Zinakhala choncho mpaka mafoni atafika, ripita n'kuitsitsa.

Ndiye mukandiona ndaleka kutafuna, musandigwedeze phewa, ndiponso musawauze mayi anu kuti ndayamba kuzungulira mutu. Sindikupemphera ayi. Munthu uja ndinamudula mawu kamodzi ndi phwete langa. Ndimangodikira kuti amalize.